Mukapume Kwanu

Ana a mlongo wanga akandiona ndawerama m'dimba dzuwa lili paliwombo amakuwa ali kutali kuti, "Azakhali, pumani!" Amanena mwachikondi, ndikudziwa. Koma mawu amenewa akandilowa m'khutu khasu limandilemera m'manja, ndipo nthawi zina ndimawakalipira popanda chifukwa, iwo n'kumayang'anana kuti nkhalamba ija yayambanso. Sadziwa kuti mawu amenewa ndi amene ndinkadyera ku Kitwe, ndipo ndi omwewo anandisowetsa mtendere mpaka imvi kumera.

Ndinachoka kwathu ku Mchinji nthawi ya Chitaganya, pamalire asanayambe kuvutitsa anthu. Unamwino ndinauphunzira kwa asisitere pachipatala cha mishoni, koma malipiro ake anali ongogulira sopo, pamene kumbuyo kwanga kunali mayi amasiye ndi alongo anga ofuna sukulu. Anthu obwera kutchuthi ankati kumigodi ya kopa ngakhale wosesa pabwalo amavala nsapato. Ndinakwera lole mpaka kutsidya kwa malire, basi mpaka ku Lusaka, kenaka sitima, ndipo ulendo wonsewo ndinali nditakumbatira kasutikesi kanga ngati muli mwana.

Pasiteshoni ya ku Kitwe anandichingamira a Dominiko Mbewe, munthu wa m'mudzi mwathu, wa mfunda umodzi ndi mayi anga, ndiye ndinkawatcha amalume. Anali chimphona cha munthu, ntchito yawo inali yoboola mwala pansi pa mgodi, ndipo akaseka agalu a m'komboni ankauwa. Ananditenga panjinga mpaka ku Chamboli kumene kampani inawapatsa nyumba, ndipo ndinagona pamphasa imodzi ndi ana awo mpaka nditapeza malo kunyumba ya anamwino. Akazi awo, aNankhoma, ankagulitsa nsomba zouma pamsika wa Chisokone. Mayi ameneyu pakamwa pake panali lumo, koma tsiku limene utsi wa kung'anjo yosungunulira kopa, umene kumeneko amautcha senta, unandiwotcha maso koyamba ine n'kumalira kuti ndikuchita khungu, ndi iwo anandisukusula ndi madzi ozizira uku akundiseka kuti namwino wanji woopa utsi.

Kuchipatala anandiika m'chipinda cha ekisire chifukwa Chingerezi ndinkachimva, ndipo Chibemba ndinachitola msanga. Amuna ogwira ntchito pansi ankabwera pamzere nyengo yawo ikakwana, malaya kumanja, aliyense n'kugunditsa chifuwa pachitsulo chozizira. Ine ndinkaima pambali n'kumanena mawu omwewomwewo kuyambira m'mawa: "Pumani kwambiri. Gwirani mpweya. Pumaninso." Mapapo abwino pachithunzi amaoneka akuda. A munthu amene wameza fumbi la mwala zaka zambiri amaoneka mbuu, ngati wina wawazapo ufa, ndipo ufa umenewo palibe mankhwala ouchotsa.

Munthu wotero kampani sinkamulolanso kutsika pansi. Ankamupatsa kandalama kake, n'kumulipirira sitima yobwerera kwawo. Dokotala wathu chilankhulo cha anthu sankachidziwa kupatula Chikabanga, chilankhulo chija cholamulira antchito pamgodi, ndiye womuuza munthuyo ndinali ine. Sisita wachizungu amene ankatiyang'anira anandiphunzitsa tsiku loyamba lomwe. "Uziwauza kuti akapume kwawo," anatero. "Usawonjezerepo kanthu. Kutchula matenda ndi ntchito ya dokotala." Koma dokotalayo sankatchula.

Tsono onani mmene chilankhulo chathu chomwe chinandipachikira. M'mawa ndinkauza munthu kuti apume, kutanthauza mpweya. Masana ndinkamuuza munthu yemweyo kuti akapume, iye n'kumva za tchuthi, pamene ine ndikudziwa kuti akukafa. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ankathokoza. Bambo wamkulu, wa msinkhu wa bambo anga, kuwomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo a Nasi, mwatithandiza." Wina anandibweretsera mazira m'chipewa tsiku lonyamuka. Mazira amenewo ndinalephera kuwadya, ndinangompatsa mnzanga.

Mnzangayo anali Bana Mwape, Mbemba wa ku Kasama, amene tinkagona chipinda chimodzi. Ndi iye anandiphunzitsa kusita kapu ya unamwino kuti iime, ndi iye ankandibwereka nsapato ndikatumiza zonse kumudzi n'kutsala manja lende. Akandiona ndangokhala duu pabedi, chakudya chitazizira, ankandimenya ndi thaulo.

"Iwe Munyasa, uzafa na maganizo," ankatero. "Ise tili chabe ba nasi. Fumbi sitinaike ndise mu chifuba chao."

"Koma bodza ndikuika ndine m'makutu mwawo," ndinkamuyankha.

"Awe mwandi. Idya, mailo kuli nchito."

Ndinkadya, m'mawa n'kupita kukauza ena kuti akapume.

Ufulu unatipeza tili momwemo. Tinavina pabwalo la mpira mpaka zidendene kung'ambika, ine Mnyasa ndikuimba nawo nyimbo za eni dziko ngati zanga. Kopa ankayenda malonda, m'nyumba za ku Chamboli munayamba kulira mawailesi, anyamata a pamgodi ankavala masuti Lamulungu. Sisita wachizungu uja anapakira n'kupita, m'malo mwake munabwera wakuda ngati ife, wophunzira kunja. Ndinati basi, tsopano tiyamba kuwauza anthuwa zoona. Ndinapita kukamuona mu ofesi mwake nditavala yunifolomu yosita bwino. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Lamulo silinasinthe. Mukayamba kuuza amuna kuti fumbi likuwapha, mawa atsika ndani pansi? Ndipo inu a kunja muziyenda mosamala, ana a dziko lino akumaliza maphunziro ndipo malo anuwo akuwafuna." Ndinatuluka n'kubwerera ku ekisire.

Nthawi imeneyo n'kuti amalume atayamba kutsika panjinga pakamtunda kopita kutchalitchi, n'kumaikankha uku akunamizira tcheni. Kuseka kwawo kuja kunkathera m'chifuwa. Itayandikira nyengo yawo yojambulidwa, aNankhoma anayamba kuwamwetsa mkaka m'mawa ndi madzulo, poti amuna a pamgodi ankakhulupirira kuti mkaka umatsuka fumbi dokotala osaliona. Ine ndinkaona zonsezi ndikapita kukacheza Lamulungu.

Tsiku lawo linafika. Anavula malaya, nthiti zili pamtunda, koma nthabwala osasiya.

"Mphwanga, unijambule bwino, nioneke munyamata," anatero.

"Pumani kwambiri, amalume. Gwirani mpweya."

Sanathe kuugwira. Anatsokomola mpaka kugwira khoma, tinachita kubwereza. Chithunzi chitatuluka dokotala anachikweza pagalasi lowala, ndipo ine sindinafunenso wondimasulira. Chinali mbuu kuyambira pamwamba mpaka pansi, mtima nawo utatupa. Dokotala anauza Sisita m'Chingerezi, ngati akunena za nyengo, kuti uyu dzinja lina saliona. Kenaka anandiyang'ana ine, poti yotsalayo inali ntchito yanga. Sisita anaima pakhomo manja atapinda.

"Amalume," ndinatero, "adokotala akuti mukapume kwathu."

Nkhope yawo inawala. "Ehe! Nakalamba nayo nchito iyi osapumako. Nizapita nikadye maungu ya kumunzi, chifuwa ichi chizapola."

Lamulungu lotsatira ndi pamene ndinamva mapulani awo, ndipo ndi pamene nkhani iyi inasiya kukhala ya mtima wanga wokha. Nyumba ya kampani anayenera kutulukamo, izo ankadziwa. Koma poti ankangopita kukapuma, anaona kuti palibe chifukwa chozulira banja lonse. ANankhoma atsale ndi ana, apeze kachipinda kalendi, malonda a nsomba asaime, ana asasiye sukulu. Iwo apita okha, akakolola abwerera, ndipo mnzawo wina anali atawalonjeza kale ntchito yaulonda kumafakitale a ku Ndola, kopanda fumbi. Ankafotokoza uku akujambula pansi ndi kamtengo, kamwana kawo kotsiriza katakhala pamwendo pawo. Kumudzi makolo awo anali atatha kale. Ndinaona munthu amene anandinyamula panjinga uja akukafera yekha m'nyumba ya eni, ana ake n'kudzamva uthenga manda atauma.

Ndinathamanga paliponse pamene ndikanatha. Ndinabwerera kwa Sisita kukapempha kuti andilole kuwauza amalume zoona, ndinagwada, ine amene sindinagwadirepo munthu wa yunifolomu. Anati akachita kwa mmodzi ndiye kuti achite kwa onse, ndipo ndikatsegula pakamwa ndidziwe kuti sitima ya ku Lusaka imanyamuka tsiku lililonse. Ndinadikirira dokotala pagalimoto yake, anandiuza mwaulemu kuti munthu wopanda chiyembekezo amafa msanga, ndiye kumusiya osadziwa n'kumuchitira chifundo. Ndinapita kwa bambo mfumu kuparishi, anandifunsa ngati ine ndili Mulungu kuti ndidziwe tsiku la munthu, nandiuza kuti ndipemphere. Ndinapemphera mpaka mawondo kuchita zipsera, koma tsiku la ulendo linkangoyandikira.

Bana Mwape ndiye anandiuza chimene ndinkachidziwa kale koma ndinkachithawa.

"Nchito ungaipeze kwina," anatero. "Koma iwe, kwanu munthu akakamba kuti uyu azafa, ndiye wafadi, bamamuchita bwanji? Kwathu timamuita ndoshi."

"Kwathu timati mfiti," ndinayankha.

"Ndiye khala chete, mune. Ba chipatala bakutseka pakamwa, ba kwanu nabo bakutseka pakamwa. Ufuna chani futi?"

Ankanena zoona. Kwathu imfa ya munthu wamoyo sitchulidwa. Ngakhale wodwala atafika poti sakumeza madzi timati akupezako pang'ono. Wonena kuti uyu sachira, akapanda kuchiradi, ndiye kuti anadziwa bwanji?

Ndinayesa kuwatsina khutu mozungulira. Ndinati kwa aNankhoma, bwanji mupite nawo, munthu wodwala amafuna womuphikira phala. Anati kumudzi phala akazi salidziwa kuphika? Ndinati ana akaone kwawo. Anati adzaona patchuthi. Ndinati chifuwachi n'chachikulu ndithu. Anati nanga si n'chifukwa chake adokotala anena kuti akapume, kodi iwe ukudziwa kuposa adokotala? Mawu anga omwe aja anali atanditchingira njira.

Atatsala masiku ochepa kuti anyamuke, ndinatuluka kuntchito masana osapempha, ndinayenda wapansi mpaka ku Chisokone yunifolomu ili m'thupi. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa milu ya nsomba, akuingitsa ntchentche ndi kanthambi. Ndinagwada pafupi nawo pamatope pomwepo kuti oyandikana nawo asamve.

"Mayi, ndabwera ndi mawu oipa. Amalume sakukapuma. Fumbi lawadya mapapo onse, ndinaona ndi maso angawa. Sadzabweranso kuno. Mukawasiya apite okha, simudzawaonanso, ana sadzawaonanso."

Anandiyang'ana, kanthambi kali m'mwamba. Kenaka anaimirira, nsomba zina n'kugwera pansi.

"Wakamba chani? Bwereza!"

"Mayi, chonde."

"Bantu imwe, bwerani mumve! Mwana uyu ninamugoneka pa mphasa yanga, ninamusambika m'maso na manja yanga, lelo abwera kunilosera maliro pa msika! Mwamuna wanga ayenda na miyendo yake, adya, aseka, iwe wamuika kale m'manda? Wakamba ndiwe! Chikachitika, wakamba ndiwe!"

Anthu anaunjikana. Mayi wina anandilavulira pafupi ndi phazi, wina anakokera mwana wake kumbuyo. Ndinadzuka, mawondo a yunifolomu ali matope okhaokha, ndinadutsa pakati pawo osaona kumene ndikupita. Ndinalira msewu wonse ngati kamwana, anthu a panjinga akundicheukira.

Komabe tsiku la ulendo nditapita kusiteshoni, ndikubisala kuseri kwa chipilala, ndinaona mitolo yambiri kuposa ya munthu mmodzi. Ndinaona mphika womangidwa m'chitenje, ndinaona ana onse atavala za Lamulungu. ANankhoma anali atagulitsa malo awo a pamsika. Atandiona anatembenuza nkhope. Amalume ndiwo anandikodola, ndinapita. Anali atakhala pasutikesi, ndipo m'masiku ochepa amenewo anali atakalamba zaka khumi. Nthabwala zija zinali zitatha.

"Mphwanga," anatero motsitsa, akupumira pakati pa mawu, "sininali mwana ine. Nakhala nikuona anzanga apita kukapuma, kulibe anabwerako. Koma bodza ija ninali kuyenda nayo bwino. Inali kunithandiza kunyamula mwendo. Manje wanilanda."

Sitima inalira, ndinawathandiza kukwera, dzanja lawo linali lopepuka ngati phesi. Anamwalira chimanga chisanache.

Nkhani ya pamsika inafika kuchipatala ine ndisanafike. Sanandichotse, poti anamwino anali ochepa, koma anandichotsa ku ekisire n'kundiponya kuwodi ya odwala osadzuka, kotsuka mabeseni ndi kutembenuza anthu. Pamalo panga anaikapo mtsikana wina, ndipo ndikamadutsa pakhonde ndinkamumva akunena ndi mawu ake okoma kuti pumani kwambiri, gwirani mpweya. Mzere wa amuna unali wautali monga kale. Ndinakhala zaka zina zingapo ndikutumiza mabulangete ndi za sukulu kumudzi, mpaka tsiku limene anandiitana n'kundithokoza chifukwa cha ntchito yanga, nandiuza kuti malo anga apeza mwana wa dziko. Bana Mwape anandiperekeza kusiteshoni, anandipatsa nsapato zake zija ankandibwereka, tinalira osachita manyazi.

Kumudzi mbiri yanga inali itakhazikika kalekale. Alongo anga amene ndinawaphunzitsa anandilandira bwino, anandimangira nyumba, koma kumapeto kwa mudzi. Akazi awo mwana akatentha thupi ankadutsa pakhomo panga n'kuyenda mtunda wautali kupita kuchipatala, kusiya namwino ali khale pakhonde. Ndikalowa m'nyumba ya wodwala kukazonda, anthu ankasiya kulankhula, wina n'kuyamba kunena mokweza kuti akupezako, akupezako ndithu, kuti ine ndisayambe ndatsegula pakamwa. Ndinazolowera kupereka moni ndili panja. ANankhoma tinkakumana kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndipo nthawi yopatsana moni wa mtendere ankayang'ana kudenga. Tinakalamba choncho, mabenchi awiri okha pakati pathu.

Chaka chathachi, nthawi yokolola mtedza, ndinaona mwana wawo wamkazi, amene tsopano ndi mayi wa ana akuluakulu, ataima pampanda panga masana. Sanalowe. Anati mayi akukuitanani. Ndinamufunsa kawiri ngati sanasokere nyumba.

Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde la kuseri, atatsamira mtolo wa zovala, miyendo itatupa, akupuma mwa wefuwefu. Anauza onse amene analipo kuti achoke. Pakamwa paja panali pakadali lumo, ngakhale mawu anali atachepa, ndipo Chinyanja cha ku Kitwe chija chinali chitawathera, ankalankhula za kumudzi.

"Khala apa. Usaganize kuti ndakukhululukira."

"Sindikuganiza choncho, mayi."

"Amalume ako aja anafera m'manja mwanga. Ana onse analipo, wamng'ono uja ndiye anawagwira chala mpaka kuzizira. Zimenezo ndikuzidziwa. Koma kuchokera tsiku la pamsika lija sanasekenso, ndipo zimenezonso ndikuzidziwa."

Anatsokomola, ndinawapatsa madzi, analandira.

"Dzana anandipititsa kuchipatala," anapitiriza. "Anandijambula. Kamtsikana kovala zoyera, kaulemu wake, kanandigwira paphewa n'kunena kuti agogo, adokotala akuti mukapume kunyumba." Anandiyang'ana m'maso. "Mawu amenewo ine ndikuwadziwa kumene anachokera. Ana angawa ndikawafunsa akuti mukupezako. Abale akuti mukupezako. Mudzi wonse uno wonama, watsala iwe wekha mfiti yanga."

Anafuna kuseka koma chifuwa chinawakaniza.

"Wamng'ono uja ali ku Ndola, amayendetsa malole. Akuti abwera pa Khirisimasi, kuntchito kwake savomera kuchoka wamba. Ndiye tandiuza. Ndimudikire, kapena ndimuitanitse?"

Zaka zonsezo palibe anandilola kukhudza wodwala, ndipo chomvetsera m'chifuwa ndinalibe. Ndinawakweza pang'ono, ndinamasula chitenje kumsana, ndinagunditsa khutu langa pa nthiti zawo monga ankachitira asisitere akale kumishoni. Mawu aja anatuluka okha.

"Pumani kwambiri, mayi. Pumaninso."

M'chifuwamo munkamveka ngati madzi akuwira patali. Ndinasinikiza chala pamwendo, chibowo chinatsala osabwerera. Ndinawabweza pamtolo paja pang'onopang'ono. Kuseri kwa nyumba ndinkamva mapazi a anthu amene ankanamizira kusenda mtedza, ndipo ndinadziwa kuti chimene ndinene chifika kumapeto kwa mudzi dzuwa lisanalowe. Ndinakumbukira amalume atakhala pasutikesi paja. Ndikanatha kunena kuti mukupezako, n'kubwerera kunyumba kwanga ndi mtendere.

"Muitanitseni lero," ndinatero. "Asadikire basi ya mawa ngati ya lero ilipo."

Anatsinzina. Msozi umodzi unatsikira m'khutu. Kenaka anakweza mawu kuitana mwana wawo wamkazi, namuuza kuti athamange akatumize uthenga ku Ndola, anene kuti ayambepo lero lomwe. Mwanayo anandiyang'ana ndi diso limene ndinalizolowera, n'kupita.

Ndinagwira pansi kuti ndidzuke ndizipita, koma anandigwira pamkono, zala zawo zili gwa.

"Ukupita kuti? Pakamwa pako paja sipanasinthe," anatero. "Khala pompano mpaka afike. Enawa andinamiza."

Ndinakhala. Mwana wawo wa ku Ndola uja anafika tsiku lachitatu, fumbi la msewu lili m'mutu, ndipo anawapeza akadatha kumutchula dzina.